Munthu wanu akavulala bondo kuntchito: zoyenera kuchita pakhomo kuyambira tsiku loyamba mpaka adzabwerere pantchito

Amuna anga anavulala bondo lakumanja ali kuntchito. Ankatsitsa katundu mu lole, nde podumpha kuti atsike phazi linaponda molakwika, thupi linapotoloka koma phazi linatsala pomwepo, iwo akuti anangomva kuti phwa! mkati mwa bondo kenako anangopezeka ali pansi anzawo atawazungulira. Atabwera nawo kunyumba madzulo ake tonse tinkati angobinya basi, pakatha masabata awiri adzuka. Zinatenga miyezi 11 kuti abwerere kuntchito.

Ndalemba izi chifukwa zambiri tinazidziwa titalakwitsa kale, panalibe wotikhazika pansi kutiuza kuti ku thiyeta amangolumikiza zomwe zaduka koma kuchira kwenikweni kumachitikira pakhomo, pabalaza, tsiku ndi tsiku, ndipo kumafuna banja lonse. Ine si dokotala, ndine mkazi amene ndakhala gadiyani pafupifupi chaka chathunthu, nde pomwe adokotala anu anena zosiyana ndi zangazi mverani iwowo poti ndi amene aliona bondo la munthu wanu.

Tsiku lomwelo, ngoziyo ilembedwe

Ululu ulipo inde, mitu yasokonekera, koma wina akumbukire zolemba. Ife apa ndi pomwe tinaphonya. Abambo anangouza kapitawo wawo pakamwa, iye nkuyankha kuti pitani mukapume mudzabwera mukapeza bwino, osalemba kalikonse. Patatha masabata 3, zitadziwika kuti nkhani ndi ya opaleshoni, ku ofesi anayamba kufunsa kuti umboni uli kuti woti munavulalira kuno, kapena munagwa kumpira? Chinatipulumutsa ndi meseji yomwe anatumizira mnzawo pa WhatsApp tsiku lomwelo ali pamzere kuchipatala, komanso anyamata awiri omwe anawanyamula aja anavomera kuikira umboni.

Nde inu lembani kalata olo yaifupi: tsiku, nthawi, malo, ntchito yomwe munthuyo amagwira pa nthawiyo, mmene anagwera, ndi mayina a omwe anaona. Ipite kwa abwana, wolandirayo asayine pa kope yanu, kope imeneyo ibwere kunyumba. Ngati nkotheka mnzawo ajambule malowo ndi foni asanakolope kapena kusuntha zinthu. Kuchipatala nenani momveka bwino kuti wavulala ali pantchito, ndipo onetsetsani kuti mawu amenewo alembedwadi m'mapepala ake, chifukwa pepala loyamba la dokotala limalemera kuposa zonse zomwe mungadzafotokoze pambuyo.

Pa dziko lonse mfundo yoti wovulala pantchito athandizidwe kuchipatala komanso alandire kenakake m'malo mwa malipiro si yachilendo, bungwe la maiko loona za ntchito la ILO linaiika mu pangano lake nambala 121 la chaka cha 1964. Koma dziko lililonse lili ndi lamulo lake, ndipo malamulo ambiri amaika malire a nthawi yokadandaula, ikadutsa basi mwaluza. Choncho sabata yoyamba yomweyo wina wa m'banja apite ku ofesi yoona za ntchito kapena ku bungwe la ogwira ntchito akafunse zinthu zitatu: mafomu ake ndi ati, malire a nthawi ndi liti, olipira chipatala ndi ndani, abwana kapena inshuwalansi. Musadikire kuti achire kaye.

Masiku atatu oyamba

Mwendo upume, ukhale pamwamba kuposa chifuwa munthuyo atagona, muumange bandeji yotanuka koma osathinitsa mpaka zala kuchita dzanzi. Ayisi kulungani m'kathawulo konyowa, ikani mphindi 15 mpaka 20, chotsani, mubwerezenso pakatha maola awiri kapena atatu. Osaika pakhungu penipeni, amawotcha. Ndipo chonde musathowe ndi madzi otentha kapena kusisita mwamphamvu masiku oyambawa, olo abale abwere ndi nzeru zotani, kutentha kumawonjezera kutupa. Kwathu anabwera wachibale wina wamtima wabwino ndithu kufuna kuukoka mwendowo kuti ati ubwerere m'malo, ndinakana ndipo mpaka lero ndimathokoza kuti ndinakana.

Osagona nazo kunyumba ngati bondo latupa kwambiri pasanathe maola ochepa, ngati munthu akulephera kupondera olo masitepe anayi, ngati bondo likukana kuwongoka kapena kupinda ngati muli chotsekereza, kapena likugwedera ngati lithawa akaponda. Phazi likazizira, likasintha mtundu kapena kufa dzanzi, imeneyo nde ya pompopompo, olo pakati pa usiku.

Mvetsani chomwe chawonongeka

Abambo atajambulidwa X-ray anauzidwa kuti palibe fupa lathyoka, tinabwerako tikusangalala. Sitinkadziwa kuti X-ray imaona mafupa okha. Mkati mwa bondo muli zingwe zolimba zinayi zogwira mafupa, madokotala amati maligament: ACL ndi PCL zimapingasana pakati, MCL ili mbali ya mkati, LCL mbali ya kunja. Mulinso tiziphaso tiwiri tofewa tokhala ngati mwezi wongooneka kumene, pakati pa fupa la ntchafu ndi la msongolo, dzina lake meniscus, ntchito yake ndi yofewetsa kugundana kwa mafupa. Zimenezi zimaoneka pa MRI, makina ena ojambula mkati mwa thupi omwe amaonetsa ndi zofewa zomwe. Ya abambo itatuluka inaonetsa ACL yaduka ndipo meniscus yang'ambika.

Kudziwa dzina la chomwe chavulala kumakuuzani kutalika kwa ulendo. MCL nthawi zambiri imapola yokha munthu atavala brace, chomangira cholimba chogwira bondo, kwa masabata angapo. ACL ikadukiratu siidzilumikiza yokha mwachizolowezi, ena amakhala bwinobwino ndi mafizo okha, koma wa ntchito yonyamula, kukwera ndi kupotoloka nthawi zambiri amamupanga opaleshoni, amatenga chingwe china m'mwendo wake womwewo, kuseri kwa ntchafu kapena kutsogolo kwa bondo, nkuchiika m'malo mwa chodukacho, ndipo kuti abwerere ku ntchito yolemetsa zimatenga miyezi yambiri. Meniscus imalandira magazi m'mphepete mokha, nchifukwa chake ikang'ambika chamkati siipola msanga. Akaisoka munthu amakhala pa ndodo masabata 4 mpaka 6, akangodula kachidutswa kong'ambikako amayenda msanga.

Popita kwa adokotala pitani awiri, wina azilemba, chifukwa wodwala amangomva theka. Funsani kuti aloledwa kupondera mwendowo kapena ayi, ndipo mpaka liti, bondo lipinde mpaka pati, brace azigona nayo kapena azivula, bala linyowe liti, mafizo ayambe liti. Funsaninso ngati pali mafizo oyenera kuchita opaleshoni isanachitike. Ife tinadikira milungu ingapo abambo atangokhala, kenako tinadzauzidwa kuti bondo lolowa ku thiyeta litaphwa kutupa, likuwongoka bwino ndiponso ntchafu ili ndi mphamvu, limachira bwino kuposa louma.

Konzani nyumba asanatuluke m'chipatala

Izi nzachangu. Chotsani timakapeti toterera, mawaya a pansi ndi zidole za ana panjira yochokera kuchipinda kupita kubafa. Ngati kuchipinda nkokwera masitepe, bedi libwere pansi. Pezani mpando wautali wolimba wokhala ndi pogwira manja, sofa yofewa yotsika ija imameza munthu, kudzukapo ndi nkhondo. Kubafa ikani mpando wapulasitiki pamalo posaterera azisamba atakhala. Ngati chimbudzi chanu ndi chonjuta, ganizirani msanga za mpando wobowola pakati chifukwa kunjuta kuiwaleni kwa miyezi. Usiku pakhale kowunikira pafupi. Ndipo kachikwama kakumsana kamathandiza kwambiri, munthu wa ndodo ziwiri alibe dzanja lonyamulira olo foni.

Masabata awiri a pambuyo pa opaleshoni

Apa pali cholakwika chomwe pafupifupi gadiyani aliyense amachita chifukwa cha chisoni: kuika pilo kunsi kwa bondo. Wodwala amamva bwino zedi bondo likapindikako pang'ono, koma likazolowera limauma lili chopindika ndipo kudzaliwongola ndi misozi, munthu amatha kutsimphina mpaka kalekale. Pilo ikhale kunsi kwa chidendene ndi katumba, kuseri kwa bondo kukhale m'malere kuti liziwongoka lokha. Ine usiku woyamba ndinaika pansi pa bondo penipeni, a mafizo atamva anandikonza tsiku lomwelo.

Mankhwala a ululu amwe pa nthawi yake masiku oyambawa, osadikira kuti ululu ufike pachimake. Paracetamol, uja timangoti panado, munthu wamkulu asapyole 4,000 mg pa maola 24, amenewo ndi mapiritsi 8 a 500 mg, ndipo werengani mapaketi chifukwa mankhwala ena a ululu ndi a chimfine amakhala ali naye kale mkati. Ibuprofen amwe atadya, ndipo ngati ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena akumwa mankhwala osungunula magazi, afunse kaye adokotala. Amphamvu aja monga tramadol ndi codeine amadzimbitsa ndiponso amazoloweretsa, nde madzi ambiri, ndipo asiyidwe msanga ululu ukatsika. Mowa pa nthawi imeneyi ayi. Fodya nayenso amachedwetsa kupola kwa bala ndi mafupa, ngati amasuta ino ndi nthawi yabwino yosiya.

Zinthu ziwiri muziziyang'ana mmawa uliwonse. Choyamba ndi bala: kufiira komwe kukufalikira, mafinya, fungo, kapena thupi kutentha kupyola madigiri 38. Chachiwiri ndi katumba: akatupa, kutentha ndi kupweteka mbali imodzi, mwina magazi aundana mu mtsempha, musasisite, thamangani kuchipatala. Munthu akayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva kupweteka pachifuwa, imeneyo ndi ngozi yoika moyo pachiswe, osadikira kuti kuche. Chothandiza kupewa ndi kuvinitsa phazi mmwamba ndi pansi pafupipafupi ali chigonere, komanso kudzuka kuyendako pang'ono monga alolera adokotala.

Ndodo zoyendera

Ziyezeni bwino. Munthu ataima chilili, mutu wa ndodo utsike zala ziwiri kapena zitatu kuchokera m'khwapa, ndipo pogwirira pafanane ndi pamfundo ya dzanja mkono uli lende. Thupi lilemere m'manja osati m'khwapa, kukoloweka khwapa pa ndodo kumafinya mitsempha mpaka manja kuchita dzanzi. Pa masitepe, pokwera uyambe mwendo wabwino kenako wovulala ndi ndodo, potsika ziyambe ndodo ndi mwendo wovulala. Inu wothandiza imani kumunsi kwake nthawi zonse, kaya akukwera kaya akutsika. Akadzatsala ndi ndodo imodzi aigwire dzanja la mbali yabwino, osati ya mwendo wovulala, ambiri amasemphanitsa. Muziyang'ananso timalabala ta kunsi, tikatha ndodo imaterera pa simenti yonyowa.

Mafizo, apa nde pagona nkhani

Patatha masiku angapo chichitikireni opaleshoni, mayi wa mafizo anauza abambo kuti gonani chagada, kwezani mwendowo uli chowongoka. Ndinaima pambali ndikuonerera. Munthu woti amanyamula matumba tsiku lonse analuma mano, thukuta kamukamu pamphumi, chala chachikulu chokha nchomwe chinagwedera, mwendo uli phee pa bedi. Anandiyang'ana nkunena chapansipansi kuti, “Mayi, mwendowu ngati si wanga.” Ine ndinatambasula manja kuti ndiwakwezere, mayi uja anandigwira mkono nkuti, “Ayi mayi, asiyeni, mukamawakwezera simukuwathandiza.”

Anatifotokozera kuti bondo likatupa, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imakhala ngati yazimitsidwa, ubongo ukutuma koma yosayankha, ndipo imayamba kuphwa pakangotha masabata ochepa. Minofu imeneyi ndi yomwe imagwira bondo munthu akamaponda. Nde ntchito yonse ya miyezi yoyamba ndi itatu: kutupa kuphwe, bondo liwongoke mpaka mapeto, ntchafu idzuke. Kupinda kumabwera pang'onopang'ono pambuyo.

Zomwe tinkachita kunyumba, katatu patsiku, zinali zooneka zachibwana. Kukunga ntchafu mwendo uli chowongoka, kukanikiza kuseri kwa bondo pa bedi masekondi 5 mpaka 10, kumasula, kubwereza ka 10. Kutsetsereka chidendene pa shiti kuchikokera kumatako, nthawi zina mothandizidwa ndi thawulo lokoleka kuphazi. Kusanjika chidendene pa pilo nkulisiya bondo lilendewere mphindi zingapo kuti liwongoke. Kenako kukweza mwendo kuja. Anu akhoza kupatsidwa zosiyana malinga ndi chomwe anakonzedwa, makamaka ngati meniscus inasokedwa amaletsa kupinda kupyola madigiri 90 poyamba, nde tsiku loyamba pemphani kuti mujambule vidiyo a mafizo akuonetsa, chifukwa pofika kunyumba mumakhala mwaiwala mmene phazi limakhalira.

A mafizo mumakumana nawo mwina kamodzi kapena kawiri pa sabata, ola limodzi. Maola ena onsewo ndi anu. Ichi nchomwe ndimafuna banja lililonse limve, chifukwa munthu payekha, ali ndi ululu, akuona ngati palibe chikusintha, amasiya. Ife tinagula kope. Mwana wathu wamkazi wa zaka 12 ndi amene anali mlembi, madzulo akaweruka amakhala pansi nkumawerenga mokweza, “Adadi, yatsala itatu, musabere,” akamaliza nkuchonga m'kope. Lamulungu lililonse amatenga tepi ya telala kuyeza bondo pakati, kuyezanso ntchafu zonse ziwiri pamalo amodzimodzi, masentimita 10 pamwamba pa bondo. Poyamba yovulalayo inali yochepa ndi masentimita 4. Tsiku lomwe inatsala 3 nyumba yonse inadziwa. Pang'ono pang'ono ndi mtolo, koma mtolowo ngati simukulemba simuuona, mumangoona munthu yemweyo pampando womwewo.

Manambala omwe a mafizo amayeza ndi karula kawo kopindika muziwalembanso. Kuwongoka kwathunthu ndi 0. Kukhala pampando bwinobwino kumafuna pafupifupi madigiri 90, kupalasa njinga ya mafizo kuzungulira konse kumafuna cha m'ma 110, bondo labwino limafika cha m'ma 135. Mukadziwa zimenezi mumadziwa chomwe mukulimbira.

Nanga ululu wabwino ndi woipa mungausiyanitse bwanji? Kukoka ndi kutopa kwa minofu nkwabwino. Kubaya kwakuthwa mkati mwa bondo, siyani pomwepo. Ndipo mmawa wotsatira bondo likadzuka litatupa kuposa dzulo, kapena ululu ukapitirira tsiku lathunthu, ndekuti munapyola muyeso, chepetsani koma osasiyiratu, ndipo mukawauze a mafizo.

Chenjezo lina lomwe anatibwerezera kangapo: pakati pa sabata ya 6 ndi ya 12 chichitikireni opaleshoni munthu amayamba kumva bwino, ndodo wataya, akudziona ngati wachira, koma chingwe chatsopano chija chimakhala chisanalimbe, thupi likadali mkati mochisandutsa ligament. Apa ndi pomwe anthu amadzivulazanso, kunyamula chidebe, kukwera pa mpando kusintha babu, kuthamangira mwana. Abambo ndinawapeza tsiku lina akufuna kukankha galimoto ya aneba yomwe inakana kulira. Ndinalankhula mokweza pamaso pa anthu, anakwiya nane mpaka madzulo, koma galimotoyo sanaikhudze.

Pa zakudya ndinena mwachidule: zomanga thupi zisasowe chifukwa minofu ikumangidwanso, koma samalani kunenepa poti munthu wangokhala. Kilo imodzi yowonjezera pathupi imakhala ngati makilo pafupifupi 4 pa bondo pa sitepe iliyonse.

Ndalama ndi mapepala

Sabata yoyamba khalani pansi awiri ndi pepala, ana atagona. Lembani zomwe zizilowa tsopano, osati zomwe zinkalowa. Olo malipiro apitirire nthawi zambiri sakhala athunthu, ovataimu ndi maalawansi zimaima, ndipo za inshuwalansi zimachedwa. Werengerani kuti zikhala choncho chaka, zikatha msanga bola. Eni nyumba ndi akusukulu auzeni musanaphonye mwezi, munthu amamva bwino ukamufikira usanalakwe kusiyana ndi kumuthawa. Ngongole za katapila zipeweni mmene mungathere, chiwongoladzanja chake chimathamanga kuposa bondo.

Chomwe chinatidya mosayembekezera ndi thiransipoti yopita ku mafizo, munthu woti mwendo sukupinda sangapanikizane ndi anthu, pamafunika galimoto yoti akhale motambasula. Ndalama ikavuta musasiye mafizo mwakachetechete, auzeni a mafizowo chilungamo, atha kutalikitsa masiku nkukupatsani zambiri zochitira kunyumba.

Gulani fayilo imodzi. Muikemo chilichonse: malisiti a mankhwala, a ndodo, a brace, a thiransipoti, makalata a dokotala opereka tchuthi, zotsatira za MRI, mapepala a malipiro a miyezi ngoziyo isanachitike. Pepala lililonse lijambuleni pa foni musanapereke kwa wina, ndipo perekani fotokope, lenilenilo likhale kwanu. Mukaimba foni ku ofesi lembani tsiku, yemwe mwalankhula naye ndi zomwe wanena, kenako tumizani kameseji kobwereza zomwe mwagwirizana. Zimaoneka ngati kukayikira anthu koma ayi, anthu amasintha m'maofesi, wobwerayo nkhani yanu saidziwa. Kalata ya tchuthi isamathe musanatenge ina, mpata wa masiku ochepa wokha ungathe kuwerengedwa ngati kujomba.

Mwezi wachinayi

Palibe anandichenjeza za mwezi umenewu. Masabata oyamba pakhomo pamadzaza, abale, anzawo akuntchito, aneba, foni kulira kosalekeza. Pofika mwezi wachitatu wachinayi anthu abwerera ku moyo wawo, sikuti ndi oipa, amangoganiza kuti munachira. Ndalama zachepa, kusintha kwa bondo sikukuonekanso ndi maso. Abambo anayamba kukhala duu pabalaza TV ili chizimire, ndevu osameta, usiku kumangotembenuka. Mwana akagwetsa kapu kukalipa ngati wapalamula chachikulu. Tsiku lina ndikuwapatsira madzi osamba anati, “Inu mukuvutika ndi ine, ndasanduka mwana wanu wachitatu.”

Mawu amenewo anandilasa, komanso anandionetsa kulakwa kwanga. Ndinali nditawalanda chilichonse chifukwa chowakonda, ngakhale zomwe akanatha. Kuyambira pamenepo tinagawana ntchito mwatsopano. Zonse zotheka munthu atakhala pansi zinapita kwa iwo: homuweki ya ana, kusita atakhala pampando, kukonza zophika patebulo, kusunga kope la ndalama, kuimba mafoni a ku inshuwalansi. Ndinasiyanso kufunsa kuti bondo lili bwanji kakhumi patsiku, munthu amatopa kukhala bondo basi. Ndipo ndinaimbira anzawo awiri kuwapempha mosabisa kuti muzibwera olo kamodzi pa sabata, muzikamba za mpira ndi za kuntchito, osati za matenda. Anthu ambiri amafuna kuthandiza koma sadziwa pothandiza, nde mukamapempha tchulani chinthu: mutiperekeze ku mafizo Lachinayi, mukatitengereko mwana kusukulu.

Koma ngati kukhumudwako kwapitirira masabata awiri, munthu sakudya, sakugona, wasiya mafizo, wayamba kubisala m'mowa kapena m'mapiritsi a ululu, kapena akulankhula zoti bola kufa, musazitenge ngati zolankhula chabe. Auzeni adokotala, matenda a maganizo ali ndi chithandizo ngati bondo lomwelo. Mawu oti bola kufa akatuluka musamusiye yekha, funani thandizo tsiku lomwelo.

Ana auzeni zoona mwa msinkhu wawo. Wathu wamng'ono wa zaka 5 ankaopa kuyandikira bambo ake, kenako tinadzazindikira kuti amaganiza kuti mwendo udulidwa. Titamuonetsa bala kuti lapola nkumuuza mbali yomwe angakhalire pamwendo, anabwerera. Ndipo inu gadiyani, msana wanu ndi umodzi. Podzutsa munthu pindani mawondo anu, iye akankhe ndi manja pa mpando, musamukoke m'khwapa. Pezani tsiku limodzi pa sabata loti wina akhalepo inu mutuluke. Ine ndinachedwa kuchita zimenezi mpaka ndinayamba kuyankha mokalipa munthu yemwe ndimamusamalayo. Za kuchipinda nazonso kambiranani momasuka, nonse mumakhala mukuopa kupweteka bondo ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake wataya chidwi, funsani a mafizo mopanda manyazi, mafunso amenewa anawazolowera.

Kubwerera kuntchito

Pofika mwezi wa 6 mafoni akuntchito anachuluka, abambo nawonso mtima unali kale kumeneko poopa kuti malo awo apatsidwa wina. Mantha amenewa ndi omveka koma wonena kuti bondo lakonzeka ndi dokotala ndi a mafizo, osati kalendala kapena abwana. Amayeza mphamvu ya mwendo wovulala poyerekeza ndi wabwino, kudumpha ndi mwendo umodzi, kutsika sitepe osagwedera, ndipo ambiri amafuna wovulalawo ufike pafupifupi 90 peresenti ya mnzake munthu asanabwerere ku zolemetsa. Wauzeni a mafizo ntchito yeniyeni yomwe munthuyo amagwira, kaya ndi kukwera makwerero, kugwada, kunyamula kapena kuima tsiku lonse, kuti miyezi yomaliza aziyeserera zomwezo. Za kuyendetsa galimoto funsaninso, makamaka ngati ndi mwendo wopondera buleki.

Pemphani kalata ya dokotala yotchula zinthu mwatchutchutchu: asanyamule kupyola makilo akuti, asagwade, asanjute, asakwere makwerero, maola akuti patsiku, mpaka tsiku lakuti. Kalata yongoti apatsidwe ntchito yopepuka aliyense amaimasulira mmene akufunira, sabata yoyamba amakupatsa mpando, yachiwiri wabwerera pa lole. Abambo anayamba ndi theka la tsiku akuwerengera katundu, patatha mwezi nkuyamba tsiku lonse. Afunsenso ngati chomwe chinawavulaza chinakonzedwa, kwawoko anadzaika sitepe yotsikira pa lole anthu atadandaula limodzi.

Pomaliza pali pepala lomwe mungadzapatsidwe loti mulandire chipukuta misozi kamodzi nkutseka nkhani. Nthawi imeneyo mumakhala muli ndi ngongole, ndalamayo imaoneka yambiri. Musasayine tsiku lomwelo. Dikirani adokotala anene kuti bondo lafika pomwe lingafike ndipo alembe ngati pali chilema chotsalira, kenako pepalalo mukaonetse loya, a bungwe la ogwira ntchito kapena ku ofesi ya zantchito, mufunse ngati mukasayina mudzathenso kuthandizidwa bondolo likadzavutanso. Funso limeneli ndi lofunika chifukwa bondo lomwe linaduka ACL kapena kung'ambika meniscus limakhala pa chiopsezo chachikulu cha nyamakazi pakapita zaka, olo opaleshoni itayenda bwino.

Abambo pano akugwira ntchito, mafizo a ntchafu amachitabe katatu pa sabata poti a mafizo anati asadzasiye, kukazizira bondo limawakumbutsa, ndipo pa lole sadumphanso, amatsika chobwerera atagwira chitsulo. Fayilo ija musadzataye nkhani ikatha. Yathu ili pamwamba pa wadiropu mu pulasitiki, muli CD ya MRI, kalata ya opaleshoni, ndi kope lija la mwana lomwe tsamba lake lomaliza analemba kuti ntchafu zatsala kusiyana sentimita imodzi.